Kukulitsa mtima wothandiza ena mwa achinyamata: malangizo kwa makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu

Mwana amene ali ndi zaka 8 ankathamangira kukawalandira katundu agogo ake, lero wafika zaka 14 ndipo amangowadutsa maso ali pa foni. Makolo ambiri akaona zimenezi amangoti "ana a masiku ano", kenako n'kuwonjezera ulaliki ndi ndodo, ndipo zinthu sizisintha. Kugawana, kutonthoza wolira, kuteteza wofooka ndi kudzipereka pa ntchito za m'mudzi ndi luso, ndipo limaphunziridwa ngati kuluka dengu: munthu amagwira yekha nsungwi, mobwerezabwereza, wodziwa ali pambali. Malangizo awa ndi a ana a zaka 10 mpaka 19, msinkhu umene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limauwerengera kuti ndi wa unyamata. Ku Malawi amenewa si ochepa, pakuti kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali asanakwane zaka 18.

Gawo loyamba: sabata ziwiri zongoyang'ana

Musanayambe kukonza kalikonse, tengani kope ndipo kwa masiku 14 muzilemba madzulo aliwonse zinthu zitatu: mwanayo wathandiza ndani lero, anachita kutumidwa kapena anayamba yekha, ndipo panali ndani amene amamuona. Musamuuze kuti mukulemba.

Kuthandiza kuli pamitundumitundu. Mu 2002 Gustavo Carlo ndi Brandy Randall a ku America anakugawa pasanu n'kamodzi: kuthandiza pagulu kuti anthu aone, kuthandiza mobisa, kuthandiza pakagwa ngozi, kuthandiza chifukwa misozi ya mnzako yakukhudza, kuthandiza ukapemphedwa, ndi kuthandiza popanda kuyembekezera kalikonse. Mwana mmodzi akhoza kukhala wamphamvu pa mtundu wina koma wofooka pa wina. Mnyamata amene amakana kutsuka mbale akhoza kukhala yemweyo amene amanyamula mnzake pa njinga makilomita 6 kupita kusukulu tsiku lililonse. Pa msinkhu uwu chifundo chimasamukira kwa anzake, ndiye kholo limene limangoyang'ana za pakhomo lidzaganiza kuti chinatheratu. Kopelo lidzakuonetsani pamene pali kale moto, ndipo ndi pomwepo poyenera kusonkhezera.

M'masabata omwewo fufuzaninso zinthu zitatu zimene zimaumitsa mtima wa munthu aliyense: njala, tulo ndi chisoni. Mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 ogona. Wogona 11 koloko usiku n'kudzuka 4 koloko kukatunga madzi kapena kukawerenga sakhala ndi mpata m'mutu woganizira wina. Amene wapita kusukulu m'mimba muli gwa, kapena amene waferedwa posachedwa, n'chimodzimodzi. Dziwaninso kuti mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira za mawa, imapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20. Mwana wotere amatha kumva chisoni chenicheni m'mawa, masana n'kuchita chinthu chankhanza anzake akamuseka.

Gawo lachiwiri: mupatseni udindo umene wina amaudalira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Beatrice ndi John Whiting a ku yunivesite ya Harvard anatsogolera kafukufuku wa ana m'madera 6 a dziko lapansi, zotsatira zake n'kutuluka mu 1975. Ana amene anaoneka osamala ena kwambiri anali a m'midzi ya ku Kenya pakati pa Agusii, ku Mexico ndi ku Philippines, kumene ana ankalera makanda, kuweta ziweto ndi kutunga madzi, ntchito zimene banja silikanatha kukhala popanda izo. Ana a m'tauni ya ku America, amene ntchito yawo yaikulu inali kukonza m'chipinda chawo, ndiwo anali kumapeto. Patapita zaka, mu 2009, Eva Telzer ndi Andrew Fuligni anapeza kuti achinyamata a ku Los Angeles ankakhala osangalala kwambiri pa masiku amene athandiza banja lawo, chifukwa ankadzimva kuti ndi ofunika pakhomopo.

Tanthauzo lake n'lakuti ntchito iliyonse siphunzitsa chifundo. Imene imaphunzitsa ndi yomwe ili ndi nkhope ya munthu kumapeto kwake. Posankha, yesani ntchitoyo ndi mafunso atatu. Kodi pali munthu wodziwika amene avutike ikapanda kuchitika? Kodi mwanayo ali ndi mpata woganiza yekha mmene aichitire? Kodi ndi yake mokhazikika, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo? "Sesa pabwalo" imalephera pa funso loyamba ndi lachiwiri. "Mankhwala a shuga a agogo ako ndi udindo wako: uziwakumbutsa 6 koloko m'mawa ndi madzulo, ndipo akatsala a masiku asanu undiuze" imapambana pa onse atatu.

Wa zaka 10 mpaka 12 akhoza kumvetsera mng'ono wake wa Sitandade 2 akuwerenga kwa mphindi 20 madzulo, kapena kusamala nkhuku zimene mazira ake amagulira sopo wa pakhomo. Wa zaka 13 mpaka 15 akhoza kutungira madzi pa mjigo mayi wokalamba woyandikana nanu kawiri pa sabata, kuphikira banja lonse tsiku limodzi pa sabata, kapena kuwerengera agogo mauthenga a pa foni ndi kuwalembera. Wa zaka 16 kupita m'tsogolo mpatseni ndalama za ndiwo za sabata yathunthu agule yekha n'kubweretsa chiwerengero, kapena aziperekeza wodwala kuchipatala n'kumva yekha malangizo a adokotala.

Mukamupatsa, mlekereni. Akaiwala tsiku limodzi musamuchitire mwakachetechete, chifukwa mukatero mwamuuza kuti ntchitoyo sinali yake. Mukumbutseni kamodzi, aone yekha chimene chasokonekera, akonze.

Zolakwika pa gawo ili ndi zitatu, ndipo zonse ndi zofala. Choyamba, ntchito zonse zosamala anthu zimagwera mtsikana, mnyamata ali ku mpira. Mtsikanayo amatopa, ndipo mnyamatayo amafika pa ukwati asanasambitsepo mwana kapena kuphikira wodwala phala. Gawani ntchito potengera msinkhu, osati kuti uyu ndi wamkazi. Chachiwiri, mwana wamasiye kapena wa kwa mbale amene mukumusunga amasanduka wantchito, ana a m'nyumba akuonera. Onse amaphunzirapo choipa: iye amaphunzira kuti kuthandiza ndi ukapolo, iwo amaphunzira kuti pali anthu obadwira kutumikira anzawo. Chachitatu ndi kuchulutsa. Pa tsiku la sukulu ntchito zonse pamodzi zisapitirire ola limodzi kapena awiri. Mwana akayamba kujomba, kuodzera m'kalasi, kutsika pa mayeso kapena kusiyiratu kucheza ndi anzake, katunduyo wamukulira. M'nyumba mmene muli matenda aakulu ndipo mwana ndiye akudwazika kholo, achibale ndi ampingo agawane masiku. Mwana wotereyu safunika kuphunzitsidwa chifundo, amafunika kupuma.

Gawo lachitatu: akalakwa, muonetseni munthu amene wapwetekayo

Kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana amene anachitika ku Malawi mu 2013 anapeza kuti atsikana 2 mwa 5 aliwonse ndi anyamata pafupifupi 2 mwa 3 anamenyedwapo kapena kuchitidwa nkhanza zina za pathupi asanakwane zaka 18. Ndodo imaletsadi cholakwa pa nthawiyo, koma maganizo onse a mwana womenyedwa amapita pa ululu wake ndi pa womenyayo. Mnzake amene anamulakwira uja amaiwalika. Phunziro limene latsala n'lakuti "ndisadzagwidwenso". Martin Hoffman, amene anafufuza za chifundo mwa ana kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti chilango chimene chimakulitsa chikumbumtima ndi chija chotembenuzira maso a mwana kwa munthu amene wavutika ndi zochita zake.

Kachitidwe kake ndi aka. Dikirani mtima ukhale pansi, wanu ndi wake, ngakhale kwa ola limodzi. Mutengereni pambali, osati pamaso pa abale ake kapena kalasi. Nenani chimene chachitika m'mawu ochepa, mufunse mmene winayo wamvera, ndipo dikirani yankho ngakhale pakhale chete wautali. Potsiriza mgwirizane chimene achite pokonza. Mwachitsanzo, mayi amene mwana wake watenga ndalama za mchemwali wake anganene kuti: "Iwe, ndalama zija achemwali ako amasungira mayeso, ndipo dzulo sanagone. Ukuganiza kuti anamva bwanji atatsegula kachikwama n'kupeza mulibe kanthu?" Mwanayo akayankha kuti "Pepani amayi", nkhani isathere pomwepo. Funso lotsatira ndi lakuti, "Kupepesako kapepese kwa iwowo. Nanga ubweza bwanji, ndipo pofika liti?" Kubwezako kugwirizane ndi cholakwacho: ganyu wa Loweruka masabata atatu mpaka ndalamazo zikwane, osati kumumana nsima.

Zokambirana zonsezi zisapitirire mphindi 10. Zikatalika zimasanduka ulaliki ndipo mwana amatseka makutu. Pewani mawu onyoza umunthu wake monga "ndiwe mbava" kapena "watengera kwa bambo ako". Mwana wotsutsika mumtima chifukwa cha chimene wachita amafuna kukonza, koma wochititsidwa manyazi amafuna kubisala kapena kubwezera. Pewaninso kumusala masiku angapo osamuyankhula, komanso nyimbo ija yakuti "ndinavutika nawe miyezi isanu ndi inayi". Imabala mantha ndi ngongole, osati chifundo.

Musamve ngati tikunena kuti mwana azingolekereredwa. Diana Baumrind anaonetsa kale m'zaka za m'ma 1960 kuti ana amakula bwino pamene pali zonse ziwiri, chikondi choonekera ndi malamulo okhazikika amene zifukwa zake zimafotokozedwa. Ndipo makolo ozolowera ndodo amatha kusintha. Ku Eastern Cape ku South Africa, pulogalamu ya Sinovuyo Teen inkasonkhanitsa makolo ndi ana awo pa misonkhano 14 yophunzira kuyamikirana, kuugwira mtima, kuika malamulo limodzi ndi kupanga bajeti ya pakhomo, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2018 zinaonetsa kuti nkhanza m'mabanjamo zinachepa.

Gawo lachinayi: yamikani, koma musagule

Mu 2008 ku Leipzig m'dziko la Germany, Felix Warneken ndi Michael Tomasello anayesa ana a miyezi 20 amene ankakonda kutolera munthu wamkulu chinthu chikagwa. Ena ankapatsidwa kachidole akathandiza, ena ankangoyamikiridwa, ena osauzidwa kanthu. Mphatso zitasiya, amene ankalandira aja ndiwo anachepetsa kuthandiza. Anawo anali makanda, koma aliyense amene anaonapo kalabu ya achinyamata ikufa mwezi womwewo umene bungwe lasiya kupereka alawansi ndi zakumwa akudziwa kuti akuluakulu nawonso ndi otero. Munthu akalipidwa pa chinthu chimene ankachita mwa kufuna kwake, chifukwa chake chochitira chimasintha, ndipo malipiro akatha chifukwacho chimathera limodzi.

Choncho siyanitsani poyera ganyu ndi thandizo. Ngati mukufuna kuti mwana apeze ndalama, mupatseni ganyu wodziwika ndi mtengo wake, monga kupalira mizere 20. Koma kutungira agogo madzi kusakhale ndi mtengo. Akuluakulu ponena kuti kupatsa n'kuika sankanena za malipiro a lero, ankanena za mudzi umene umakumbukira.

Poyamikira tchulani chimene wachita ndi chimene chasintha kwa winayo: "Unamudikira Mphatso pamene njinga yake inaphulika, n'chifukwa chake sanayende yekha mumdima." Nthawi zina onjezani mawu onena za khalidwe lake, monga "ndiwe munthu woganizira anzako". Joan Grusec ndi Erica Redler ku Canada anapeza mu 1980 kuti ana a zaka 8 amene anauzidwa mawu otere anapitiriza kuthandiza ngakhale pa zinthu zina zosiyana ndi zoyambazo. Koma mawuwa akhale oona ndipo asachuluke, chifukwa wachinyamata amanunkhiza msanga chinyengo. Wa zaka 15 muyamikireni pambali. Kumuimika pa asembule kuti anzake amuombere m'manja kukhoza kumuchititsa kuti asadzayambirenso.

Gawo lachisanu: zimene amaona kwa inu

Gawo ili ndi lalifupi chifukwa palibe njira yolizembera. James Bryan ndi Nancy Walbek anaonetsa mu 1970 kuti munthu wamkulu akamalalikira zopatsa koma iye osapatsa, ana amatsatira manja ake, osati pakamwa pake. Mwana amaona mmene mumayankhulira ndi wantchito wa pakhomo, mlonda ndi wakabaza, komanso amamva zimene mumanena za anamfedwa mukangobwera kumaliro. Mukamapita kukazonda wodwala, kukathandiza pa maliro kapena kukalima dima, mutengeni, ndipo mupatseni chogwira: anyamule nkhuni, atunge madzi, agawe mbale. Pobwerera muuzeni m'mawu awiri chifukwa chimene mwapitira.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: gwirani ntchito ndi anzake

Kuyambira zaka 12 kapena 13, mawu a anzake amalemera kuposa anu. Makolo amangoona kuipa kwa zimenezi, koma mphamvu yomweyo imakokeranso ku zabwino. Elizabeth Levy Paluck ndi anzake anayesa izi m'sukulu 56 za ku New Jersey ku America, zokhala ndi ophunzira oposa 24,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016. M'theka la sukuluzo anatenga kagulu ka ophunzira 20 mpaka 32, n'kuwasiya asankhe okha mavuto a pasukulupo ndi mmene angawathetsere. M'chaka chimodzi milandu ya mikangano inatsika, ndipo inatsika kwambiri kumene m'kagulumo munali ana ambiri amene anzawo amawayang'anitsitsa.

Sukulu ya sekondale iliyonse ingathe kuchita zofanana ndi zimenezi ndi mapepala ndi choko basi. Kumayambiriro kwa teremu yoyamba wophunzira aliyense alembe mayina osapitirira 10 a anzake amene wakhala akucheza nawo mwa kufuna kwake m'masabata apitawo. Werengani mayina amene atuluka kawirikawiri m'fomu iliyonse, anyamata paokha ndi atsikana paokha. Mudzadabwa kuti ambiri si maprifekiti kapena ana okhoza bwino m'kalasi, ndipo ena ndi omwe aphunzitsi amawatcha ovuta. Musawachotse, ndi amenewo amene mukuwafuna. Aitaneni, osawakakamiza, azikumana kamodzi pa masabata awiri kwa mphindi 40 ndi mphunzitsi mmodzi amene ntchito yake ndi kufunsa, osati kulamula. Funso loyamba likhale lakuti, "N'chiyani chimene chimachititsa mwana kuopa kubwera pasukulu pano?" M'sukulu zogonera komweko yankho limakhala teasing ya a Fomu 1: kuwalanda chakudya, kuwachapitsa zovala, kuwadzutsa usiku. Mawu a pa zikwangwani, masewero ndi malamulo a m'hostelo apange okha m'chilankhulo chawo. Mphunzitsi akangoyamba kuwalembera, ntchitoyo yafa, chifukwa ana anzawo amazindikira mawu a ku ofesi.

Aphunzitseninso za oonerera. Christina Salmivalli wa ku Turku m'dziko la Finland anaonetsa mu 1996 kuti pamene mwana akuzunzidwa pamakhala wozunza, omuthandiza, oseka ndi kukuwiza, ongodutsa, ndi oteteza ochepa. Wozunza amadya kuseka kwa oonerera. Ku Canada ofufuza amene anajambula ana pa bwalo la sukulu anapeza mu 2001 kuti mwana mnzawo akalowererapo, nkhanzazo zinkatha pasanathe masekondi 10 pa milandu 57 mwa 100. Kuteteza sikufuna ndewu. Pali njira zinayi zoti aziyeserera m'sewero mpaka zizolowereke: kusaseka n'kuchokapo, kumuitana wozunzidwayo kuti "tiye, akukufuna uko", kunena mawu amodzi achidule monga "zakwana, msiyeni", ndi kukauza munthu wamkulu. Wamantha ayambe ndi kukacheza ndi wozunzidwayo pambuyo pake. Pa gulu la WhatsApp la kalasi njira zake ndi zomwezo: osatumiza chithunzi chonyozacho kwa ena, osaikapo chizindikiro choseka, kulembera wonyozedwayo pambali, ndi kusunga umboni.

Chinanso choti adziwe ndi chifukwa chimene anthu ambiri amangoima pa ngozi. John Darley ndi Bibb Latané anayesa ophunzira a ku New York mu 1968 powamvetsa mawu a munthu amene ankaoneka ngati wagwa khunyu. Mwa amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 peresenti anathamangira kukafuna thandizo. Mwa amene ankaganiza kuti pali ena anayi, anali 31 peresenti yokha. Aliyense amayesa kuti wina achitapo kanthu. Mankhwala ake ndi kuloza munthu mmodzi: "Inu achimwene a malaya ofiira, imitsani galimoto", osati kukuwa kuti "thandizani". Ndipo ambiri amaima chifukwa sadziwa chochita, choncho itanani a Red Cross kapena azaumoyo adzaphunzitse chithandizo choyamba. Mwana amene akudziwa kuti khunyu sipatsirana, kuti wogwayo saikidwa kanthu m'kamwa, koma amachotsedwa pafupi ndi moto kapena madzi n'kugonekedwa chammbali kugwedezekako kukatha, sathawa.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ntchito ya gulu m'mudzi

Akuluakulu amakumbukira Youth Week ya nthawi ya Kamuzu Banda, pamene ana a sukulu ankalambula misewu, kuumba njerwa ndi kukonza milatho. Ntchito inkaoneka, koma kukana kunalibe, ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mwambowo unazilala. Yerekezani ndi Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe mu Blantyre, pamene achinyamata anatenga okha makasu ndi mafosholo kukafukula anthu popanda wowatuma. Mtima ulipo. Chimene chimasowa ndi njira yoti uzigwira ntchito ngakhale pasanagwe tsoka.

Yambirani pa gulu limene lilipo kale, kaya ndi la achinyamata a kumpingo kapena kumzikiti, SCOM, YCS, Scouts, Girl Guides, kalabu ya zachilengedwe kapena timu ya mpira. Anthu 8 mpaka 15 ndi okwanira. Akapitirira pamenepo ena amabisala kumbuyo kwa anzawo. Sabata yoyamba ayende awiriawiri kukafunsa amfumu, alangizi a zaumoyo, a gulu la amayi la pasukulu ndi okalamba eniakewo chimene chikuvuta. Sabata yachiwiri asankhe okha ntchito imodzi imene angaimalize m'masabata 6 mpaka 8 popanda ndalama zochokera kunja, monga kufolera nyumba ya gogo mvula isanayambe, kukonza ngalande ya pa mjigo, kapena kuwerenga ndi ana a Sitandade 3 Loweruka lililonse. Aliyense akhale ndi udindo wotchulidwa dzina: wosunga zipangizo, wolemba, woyankhula ndi mwini nyumba. Maola awiri pa sabata kwa miyezi iwiri amaphunzitsa zambiri kuposa tsiku limodzi lalikulu lokhala ndi matisheti ndi mlendo wolemekezeka.

Akamaliza ntchito ya tsikulo akhale pansi mphindi 15. Funsani kuti aona chiyani chimene sankachidziwa, chavuta n'chiyani, ndipo asintha chiyani sabata yamawa. Magulu ambiri amadumpha zimenezi, ndiye ana amangokumbukira kutopa.

Samalani zinthu izi. Pemphani chilolezo cha makolo, ndipo pakhale akuluakulu awiri nthawi zonse, mmodzi wamkazi ngati pali atsikana. Mwana asalowe yekha m'nyumba ya munthu, ndipo onse akhale atabwerera dzuwa lisanalowe. Wothandizidwayo afunsidwe kaye chimene akufuna, chifukwa kumusesera pakhomo gogo amene vuto lake ndi denga lodontha n'kudzikondweretsa nokha. Musalole kujambula osauka n'kuwaika pa Facebook. Kumachotsa ulemu wa munthuyo ndipo kumaphunzitsa ana kuthandiza kofuna kuonekera kuja. Ngati pali ndalama zosonkha, azisunga anthu awiri ndipo ziziwerengedwa pamaso pa onse pa msonkhano uliwonse, pakuti magulu ambiri amathera pa K5,000 yosowa.

Gawo lachisanu ndi chitatu: malire, ndi nthawi yofuna thandizo

Mwana wofatsa ayenera kuphunziranso kukana. Kuonetsa mnzake mayankho pa mayeso a MANEB, kumubisira mlandu, kapena kumusungira katundu wosadziwika kumene wachokera si kuthandiza. Muuzeni momveka kuti munthu wamkulu wachilendo sapempha thandizo kwa mwana pamalo obisika, ndipo akapemphedwa kuti aperekeze munthu kapena alowe m'galimoto kukalozera njira, ayankhe kuti "dikirani ndikaitane akuluakulu". Atsikana makamaka auzidwe kuti amene wawathandiza fizi kapena sopo alibe ngongole pa thupi lawo.

Yang'aniraninso mwana amene sakana chilichonse, amene amapereka chakudya chake chonse ndi kupepesa pa zinthu zimene sanalakwe. Kawirikawiri ameneyo akugula ubwenzi kapena akuopa wina. Kumbali inayo, mwana amene amazunza ziweto kapena ana aang'ono mobwerezabwereza osaonetsa chisoni, kapena amene anali wochezeka n'kusintha mwadzidzidzi kwa masabata opitirira awiri, osadya, osagona, kapena kunena zofuna kudzipha, safunika malangizo a m'nkhani ino okha. Pitani naye kuchipatala, kapena kaonaneni ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma lanu. Ngati mukuganiza kuti akuchitidwa nkhanza, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi imene muli nayo pafupi.

Pakatha miyezi itatu bwererani ku kope lija ndipo mulembenso kwa masiku 14. Musawerenge kuchuluka kwa ntchito zimene wagwira. Werengani kangati anayamba yekha, ndi kangati anathandiza munthu amene si mnzake pamene panalibe womuona. Ngati manambala awiriwa sanasunthe, bwererani ku gawo lachiwiri n'kusintha udindowo, ndipo ulendo uno ausankhe ndi iyeyo.